KUSANJA NDI KUSUNGA MAKOBIRI AKALE

Inu nonse mwatsiriza maphunziro a sukulu ya kwacha kuno ku Neno. Tsopano mukutha kuŵerenga kalata, kulemba dzina lanu ndiponso kuchita masamu. Koma khasu likangokhala pakhonde osalimira limachita dzimbiri. Kuŵerenga nakonso kuli chimodzimodzi. Tsono phunziro lino likupatsani ntchito yoti muŵerenge, mulembe ndi kuŵerengera zinthu zimene zili m'nyumba mwanu momwemo.

Tikambirana za makobiri. Kale mawu akuti kobiri ankatanthauza peni imodzi, koma muno tikunena ndalama iliyonse yachitsulo, zija ena amati masiliva.

CHITINI CHA AGOGO

Tiyerekeze chonchi. Agogo anu aamuna amwalira kwa Dambe. Maliro atha, ndipo tsiku losesa m'nyumba lafika. Pansi pa bedi mwapeza chitini cholemera chomangidwa ndi luzi. Potsekula mwaona kuti chadzaza ndi makobiri. Ena ndi akuda, ena ndi obiriŵira, ena ali ndi chiboo pakati, ena amatirirana ndi dzimbiri.

Alamu anu akuti, "Katayeni kudzala zimenezi, sizigula kanthu." Mphwanu akuti, "Iyayi, ine ndinamva pa Zalewa kuti kobiri limodzi lachiboo anthu amagula mamiliyoni." Ana atenga kale angapo n'kukaseŵera nawo panja. Azakhali ayamba kudandaula kuti wina wabisako abwino. Onse akuyang'ana inu, popeza ndinu amene mumadziŵa kuŵerenga. Kodi mudzachita chiyani?

Alamu anu alakwa, mphwanunso walakwa. Makobiri ameneŵa sangagule sopo kusitolo, ndiponso ambiri mwa iwo sangakulemeretseni. Komabe si zinyalala ayi. Agogo anaŵapeza ndi thukuta. Pa kobiri lililonse palembedwa chaka ndi dzina la dziko, motero chitinicho chili ngati kalata yofotokoza kumene mwini wake anayenda ndi nthaŵi imene anakhalako. Kalata yotere ikatayika sipezekanso.

KUMENE MAKOBIRIŴA ANACHOKERA

Makolo athu akale ankasinthana zinthu monga makasu, mchere, nsalu, mikanda, mbuzi ndi nkhuku. Ndalama zachitsulo zinafala Angerezi atayamba kulamulira dziko lino m'chaka cha 1891 ndi kukhazikitsa msonkho wa nyumba. Munthu anayenera kupeza mashilingi kuti akhome msonkho. Chifukwa cha ichi ambiri anapita kukagwira ntchito m'minda ya azungu ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ena anapita ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo ena ku migodi ya ku Johannesburg, kumene akuluakulu amati ku Joni.

Kaŵerengedwe ka nthaŵi imeneyo kanali kotere: mapeni 12 ankapanga shilingi imodzi, ndipo mashilingi 20 ankapanga paundi imodzi. Tiki inali mapeni 3, sikisipensi inali mapeni 6.

M'chitini cha kuno ku Neno mukhoza kupeza magulu aŵa:

1. Makobiri a ku Britain ndi a ku Southern Rhodesia. Ambiri ali ndi mutu wa Mfumu George V, Mfumu George VI kapena Mfumukazi Elizabeth II.

2. Makobiri a nthaŵi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chitaganyacho chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ndipo makobiri ake anayamba kutuluka mu 1955. Peni ili ndi chiboo pakati ndi njovu ziŵiri. Theka la peni lilinso ndi chiboo, koma pali nyamalikiti ziŵiri. Chiboocho chinkathandiza kuti munthu aŵatunge pachingwe. Pa tiki pali duŵa, pa sikisipensi pali mkango, pa shilingi pali mphalapala, ndipo pa kobiri la mashilingi aŵiri pali nkhwazi itagwira nsomba.

3. Makobiri oyamba a Malaŵi. Dziko lathu linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo makobiri a chaka chimenecho ali ndi mutu wa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Pa sikisipensi pali tambala, pa shilingi pali chimanga, pa mashilingi aŵiri pali njovu ndi mwana wake, ndipo pa mashilingi aŵiri ndi theka pali chizindikiro cha dziko. Mu 1966, pamene Malaŵi anakhala lipabuliki, panatuluka kobiri lalikulu la mashilingi 5.

4. Makobiri a kwacha ndi tambala. Pa 15 Febuluwale 1971 tinasiya mapaundi. Paundi imodzi inasanduka K2, ndipo shilingi imodzi inasanduka 10 tambala. Pa 1 tambala panali tambala weniweni, pa 2 tambala mbalame ya mchira wautali, pa 5 tambala mbalame ya m'madzi ya khosi lalitali, pa 10 tambala chimanga, pa 20 tambala njovu. Makobiri a 50 tambala ndi K1 anabwera mu 1986.

5. Makobiri a 1995 ndi 1996. Ambiri ali ndi mutu wa Bakili Muluzi, amene anakhala pulezidenti kuyambira 1994 mpaka 2004. Pa 1 tambala pali nsomba ziŵiri, pa 50 tambala pali mbidzi, pa K1 pali nkhwazi.

6. Makobiri a zaka za posachedwa. Mu 2007 panatuluka K5 ndi K10 akuluakulu a zitsulo zamitundu iŵiri, ngakhale kuti chaka cholembedwapo ndi 2006. Mu 2012 Reserve Bank of Malawi inatulutsa K1, K5 ndi K10 ang'onoang'ono opepuka, okhala ndi chizindikiro cha dziko m'malo mwa mutu wa munthu.

7. Makobiri a maiko oyandikana nafe. Boma la Neno lachita malire ndi Mozambique, ndipo pa nthaŵi ya nkhondo imene inatha mu 1992 anthu ambiri othaŵa kwawo anakhala ku Luwani ndi m'midzi yathu. Choncho musadabwe kupeza escudo ya Apwitikizi, imene inagwira ntchito mpaka 1980, kapena metical imene inaloŵa m'malo mwake. Mungapezenso masenti a ku South Africa oyambira mu 1961, ngwee za ku Zambia zoyambira mu 1968 zokhala ndi mutu wa Kenneth Kaunda, ndi masenti a ku Zimbabwe oyambira mu 1980.

KUŴERENGA KOBIRI

Kobiri lili ndi mbali ziŵiri. Gwirani m'mphepete ndi chala chachikulu ndi chala chamkombaphala, osati pankhope pake. Khalani panja pamthunzi m'maŵa kukuŵala bwino. Tsono funani zinthu zitatu: dzina la dziko, chaka ndi mtengo wake.

Mawu ena ndi a Chingerezi kapena a Chipwitikizi, koma zilembo zake ndi zomwe zija munaphunzira. Ŵerengani chilembo chimodzichimodzi. Mukaona RHODESIA AND NYASALAND, ndi la chitaganya. Mukaona SUID-AFRIKA, ndi la ku South Africa. Mukaona REPÚBLICA PORTUGUESA, ndi la Apwitikizi. ONE PENNY ndi peni imodzi, ONE SHILLING ndi shilingi imodzi.

Ngati zilembo zafufutika, ikani kapepala kopyapyala pamwamba pa kobirilo, n'kupaka pang'onopang'ono ndi pensulo mopendeketsa. Kaŵirikaŵiri chaka chimaonekera papepalapo. Ngati maso akuvuta, itanani mdzukulu wapasukulu akuthandizeni. Palibe manyazi pamenepo.

KUSANJA

Makobiri akachuluka, musayese kutsiriza tsiku limodzi. Tapani dzanja limodzi kapena aŵiri patsiku. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ngati chitinicho ndi chamasiye, tsiku loyamba itanani mwini mbumba ndi wachibale wina kuti muŵerengere pamodzi makobiri onse, ndipo mulembe chiŵerengero chake iwo akuona. Mukatero palibe amene adzanene maŵa kuti munabisako.

Sambani m'manja ndi kupukuta. Yalani chitenje choyera pamphasa. Konzani mbale zouma zingapo. Tsatani njira izi:

Choyamba, chotsani makobiri amene akugwirabe ntchito, monga K1, K5 ndi K10 oyambira mu 2012. Ameneŵa ndi ndalama, ali ndi malo awoawo.

Chachiŵiri, gaŵani otsalawo potsata maiko. Mbale imodzi ya Malaŵi, ina ya chitaganya, ina ya Mozambique, choncho basi. Amene simukuŵadziŵa akhale m'mbale yawo. Musaŵataye.

Chachitatu, tengani mbale ya Malaŵi n'kulekanitsa a nthaŵi ya mapaundi ndi a nthaŵi ya kwacha. Chenjerani pamenepa, pakuti shilingi ya 1964 ndi 10 tambala ya 1971 zimafanana kwambiri. Zonse zili ndi chimanga ndi mutu wa Kamuzu. Chimene chidzakuuzani zoona ndi mawu olembedwapo.

Chachinayi, m'gulu lililonse ikani a mtengo umodzi pamodzi, kenaka muŵandandalike potsata zaka, kuyambira chaka chakale kwambiri.

Chachisanu, patulani odwala. Ameneŵa ndi makobiri a dzimbiri ndi amene ali ndi zobiriŵira zonga ufa. Monga mbatata yoola imaoletsa zinzake m'thumba, kobiri lodwala limawononga amene lagundana nawo.

Chachisanu ndi chimodzi, pa mtundu uliwonse ndi chaka chilichonse sankhani kobiri limodzi looneka bwino koposa. Limeneli ndi loonetsa alendo ndi ana. Otsalawo ndi obwereza, ndipo tidzaŵasunga mochuluka.

Pali zinthu zina ziŵiri zokuthandizani. Chinthu choyamba ndi maginito. Mukhoza kuŵapeza m'sipikala ya wailesi yakufa. Makobiri a Malaŵi amene akakamira ku maginito ali ndi chitsulo m'kati, ndipo ndiwo amachita dzimbiri msanga. Asungeni paokha. A 1964 ndi a 1971 sakakamira, chifukwa anapangidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi zitsulo zina. Chinthu chachiŵiri ndi chaka cha 1947. Sikisipensi, shilingi ndi ena okulirapo a ku Britain ndi a ku Southern Rhodesia amene chaka chake sichinafike 1947 ali ndi siliva weniweni m'kati. Ameneŵa ndiwo ali ndi mtengo woposa anzawo. Aŵerengeni kaŵiri ndipo muŵasamale.

ADANI A MAKOBIRI

Mdani wamkulu ndi chinyezi. Chimachititsa dzimbiri pachitsulo ndipo chimabiriŵiritsa mkuwa. Inu a kumtunda, monga kwa Dambe, ku Nsambe ndi ku Matandani, mukudziŵa nkhungu ndi kamvula ka chiperoni ka mu Juni ndi Julayi. Chinyezi chimenecho chimaloŵa ngakhale m'chitini chotseka.

Mdani wachiŵiri ndi mchere. Thukuta lili ndi mchere, ndipo inu a kumunsi kotentha, monga ku Lisungwi ndi ku Zalewa, manja anu sachedwa kunyoŵa. Chala chathukuta chimasiya chidindo pakobiri chimene sichichokanso. Feteleza nayenso amadya zitsulo, monga mmene amadyera khasu ndi malata.

Mdani wachitatu ndi kukhulana. Makobiri akamagubuduzika m'chitini chimodzi amakandana mpaka zithunzi kufufutika.

Mdani wachinayi ndi pulasitiki yofeŵa ndi malamba a mphira. Pakapita zaka pulasitiki yotere imatulutsa zonanda zobiriŵira, ndipo mphira imadetsa siliva ndi mkuwa.

Mdani wachisanu ndi madzi ndi moto. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zambiri m'chigawo cha kummwera, ndipo Neno linali limodzi mwa maboma okhudzidwa. Katundu wokhala pansi ndi wokwiriridwa m'dothi ndiye amayamba kuwonongeka madzi akaloŵa m'nyumba.

Kumbukiraninso ana. Mwana wokwaŵa amaika chilichonse m'kamwa, ndipo kobiri likhoza kumutsamwa. Mwana akameza kobiri musamukakamize kusanza. Thamangirani naye kuchipatala.

KODI TIŴATSUKE?

Anthu ambiri akaona kobiri lakuda amafuna kulikwecha kuti liŵale. Amatenga mchenga, phulusa kapena waya wotsukira mapoto. Kuno ku Neno mandimu ndi manachesi sasoŵa, tsono ena amafinyirapo madzi ake. Zoonadi kobirilo limaŵala, koma lawonongeka. Mchenga ndi phulusa zimakanda nkhope yake, ndipo madzi a mandimu amadya chitsulo. Anthu odziŵa za makobiri amakonda lakuda losakwechedwa kuposa loŵala lokandikakandika. Kudako ndi imvi zake. Zisiyeni.

Tsukani kobiri pokhapokha ngati lili ndi matope kapena mafuta. Chitani chonchi:

1. Liviikeni m'madzi oyera ofunda okhala ndi sopo pang'ono.
2. Lisisiteni ndi chala chokha.
3. Litsukuluzeni m'madzi ena oyera kuti sopo yense achoke.
4. Liikeni pansalu yofeŵa n'kulipsinja pang'ono, osapukuta mwamphamvu.
5. Liyanikeni padzuŵa n'kulitembenuza mpaka liume gwa.

Makobiri omatirirana musaŵakanganule ndi mpeni. Aviikeni m'madzi a sopo kwa maola angapo, kenaka muyese kuŵasuntha ndi zala. Achitsulo musaŵasiye m'madzi usiku wonse.

MOSUNGIRA MWAKE

Simufunika kugula zinthu zodula. Mapepala oyera a m'kope, pensulo, mabotolo agalasi ndi kabokosi zikwanira.

Makobiri osankhidwa aja, lililonse likhale m'kathumba kakekake. Dulani tsamba la kope m'zigawo 4. Pachigawo chimodzi lembani nambala, dziko, chaka ndi mtengo. Lembani musanaikemo kobiri. Kenaka ikani kobirilo pakati, mbali yosalembedwa, n'kupinda mbali zonse zinayi. Gwiritsani ntchito pensulo, chifukwa inki imasungunuka ikanyoŵa. Musakulunge m'nyuzipepala, popeza pepala lake ndi inki yake zimadetsa chitsulo. Imikani timathumbato motsatana m'kabokosi kakang'ono, nambala 1 kutsogolo.

Makobiri obwereza asungeni m'mipukutu. Sanjikizani makobiri 20 a mtundu umodzi, muŵakulunge zolimba m'pepala, n'kupinda nsonga zonse ziŵiri. Pamwamba lembani, mwachitsanzo, "Malaŵi, 1 tambala, 1971, alimo 20." Mipukutu yonse ikhale ya 20. Mukatero kuŵerenga sikuvuta: mipukutu 5 ndi makobiri 100. Otsala osakwana 20 akhale ndi mpukutu wawo wolembedwa chiŵerengero chake.

Makobiri ofufutika kwambiri ndi odwala aja aikeni m'mabotolo agalasi akukamwa kwakukulu, ouma bwino, gulu lililonse botolo lake. Ikani kapepala kolembedwa m'kati, kena mumate kunja.

Tsopano zonsezi ziloŵe m'bokosi lathabwa kapena m'sutikesi yachitsulo yopanda dzimbiri. Yalanimo nsalu yoyera youma. Makobiri amalemera, choncho ndi bwino kukhala ndi timabokosi tingapo kusiyana ndi chibokosi chimodzi chimene chingathyoke pansi ponyamula. Lembani A, B, C pa timabokosito. Ngati muli ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, ikanimo tiŵiri, koma ana asatigwire.

Ikani bokosilo pamalo okwera, pathandala kapena pamwamba pa kabati, losagunda khoma. Musaliike m'khitchini mofuka utsi, pafupi ndi matumba a feteleza kapena mchere, kapena kutsindwi la udzu. Musalikwirire pansi. Litsekuleni kaŵiri pachaka, mu Meyi mvula itatha ndi mu Okutobala mvula isanayambe. Onani ngati muli chiswe, mbeŵa kapena chinyezi, ndipo sinthani mapepala amene anyoŵa.

KAUNDULA WANU

Gulani kope limodzi lolembamo makobiri okha. Limeneli ndiye kaundula wanu. Jambulani mizere yotsika kuti pakhale zipinda 7. Nachi chitsanzo:

Nambala | Dziko | Chaka | Mtengo | Chithunzi | Alipo angati | Ali kuti
1 | Chitaganya | 1957 | Peni 1 | Njovu, chiboo | 46 | Bokosi A
2 | Malaŵi | 1964 | Shilingi 1 | Chimanga | 12 | Bokosi A
3 | Malaŵi | 1971 | 1 tambala | Tambala | 85 | Bokosi B
4 | Malaŵi | 1996 | K1 | Nkhwazi | 30 | Bokosi B

Nambala ya m'kaundula ikhale yomweyo yolembedwa pakathumba ndi pamipukutu. Mukapatsa munthu kobiri kapena kusinthana ndi mnzanu, lembani tsiku ndi dzina lake, ndipo musinthe chiŵerengero.

Masamba akumapeto asungireni mbiri. Pitani kwa agogo amene akali moyo mutanyamula shilingi ndi tiki. Afunseni kuti, "Agogo, kodi iyi inkagula chiyani? Nanga msonkho munkakhoma zingati? Agogo aamuna anapita liti ku Joni, ndipo anabwerako ndi chiyani?" Lembani mayankho awo monga mmene anenera, pamodzi ndi tsiku limene mwacheza nawo. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Musaike kaundulayu m'bokosi la makobiri. Bokosi likabedwa kapena kupsa, kope lidzatsala kukhala mboni.

CHENJERANI NDI AKATHYALI

Mtengo wa kobiri lakale umadalira zinthu zitatu: kusoŵa kwake, maonekedwe ake, ndi chitsulo chimene linapangidwa nacho. Kukalamba kokha sikukweza mtengo. Mapeni achiboo a chitaganya anapangidwa mamiliyoni ambiri, ndipo akupezekabe m'nyumba zambiri ku Malaŵi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Chinthu chopezeka paliponse sichingagulidwe mamiliyoni.

Tsono munthu akabwera ndi nkhani yokoma yakuti kobiri lanu lili ndi mphamvu yachilendo, kapena kuti bwana wina kutauni alifuna pa mtengo wogula galimoto, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kaŵirikaŵiri nkhani yotere imathera pakuti inuyo muyambe mwapereka ndalama yoyezetsera kapena yoyendera. Mukagulitsa mbuzi n'kupereka ndalamayo, munthuyo simudzamuonanso.

Sungani malamulo aŵa:

1. Wogula ndiye amapereka ndalama, osati wogulitsa. Musalipire kanthu kuti kobiri lanu liyezedwe.
2. Musalole munthu kupita nalo kobiri kuti akalionetse kwina.
3. Musaonetse mlendo bokosi lonse, kapena malo amene mumasungira.
4. Musakumane ndi wogula muli nokha. Pakhale wachibale kapena a mfumu.
5. Funsani mtengo kwa anthu aŵiri kapena atatu osadziŵana musanagulitse.
6. Makobiri amasiye ndi a banja lonse. Musagulitse abale osadziŵa.

Musaboole, kudula kapena kusungunula makobiri. Lamulo sililola kuwononga ndalama za dziko zimene zikugwira ntchito, ndipo kobiri lakale likabooledwa mtengo wake umatsika.

CHITINI SI BANKI

Kusunga makobiri akale ndi kusunga mbiri. Kusunga ndalama zogwiritsa ntchito ndi nkhani ina. Munthu amene anakwirira K20 mu 1971 anakwirira mapaundi 10, ndalama yambiri ndithu pa nthaŵiyo. Lero K20 singagule ngakhale bokosi la machesi. Mitengo ya zinthu imakwera koma ndalama ya m'chitini siswana. Mu Novembala 2023 mokha mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 aliwonse. Choncho ndalama ya manachesi, mbatata, tirigu kapena nandolo isagone m'chitini. Ikani ku banki, ku banki m'khonde, kapena pafoni, kapena mugule chiŵeto ndi zipangizo zaulimi. Pa makobiri a masiku ano sungani limodzi kapena aŵiri okongola a chaka chilichonse kuti adzukulu adzaone. Otsalawo agwiritseni ntchito.

Mwina ndinu msungichuma wa kalabu, wa komiti ya mjigo kapena wa kutchalitchi, ndipo makobiri amakuchulukirani. Njira yake ndi yomwe ija. Lekanitsani K1, K5 ndi K10. Pangani milu ya makobiri 10. Mulu wa K10 ndi K100, mulu wa K5 ndi K50, mulu wa K1 ndi K10. Ŵerengani milu, osati kobiri limodzilimodzi. Muŵerenge anthu aŵiri, mulembe m'kope, ndipo nonse musaine. Musanapite nawo ku banki funsani mmene amafunira kuti muŵamangire, kuti musabwerere nawo ulendo wautali.

ADZASUNGE NDANI?

Bokosi lopanda mwini silichedwa kumwazika. Khalani pansi ndi banja, musankhe munthu mmodzi wosamala kuti azisunga, ndipo mulembe dzina lake patsamba loyamba la kaundula. Obwereza aja mukhoza kugaŵira abale kuti aliyense akhale ndi chikumbutso cha agogo. Ena mungapereke kwa aphunzitsi a pasukulu ya pulaimale kuti ana aone ndi maso ndalama zimene amangozimva m'phunziro la mbiri. Mukapeza kobiri lachilendo limene aliyense walephera kulizindikira, tsiku lina popita ku Blantyre mukafunse ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri.

MAFUNSO

1. Kodi ndi zinthu zitatu ziti zimene tiyenera kuŵerenga pakobiri?
2. Kodi dziko la Malaŵi linayamba liti kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala?
3. Chifukwa chiyani makobiri a ku Mozambique amapezeka m'nyumba zambiri za ku Neno?
4. Tchulani adani atatu a makobiri.
5. Chifukwa chiyani si bwino kutsuka kobiri ndi phulusa kapena mandimu?
6. Kodi mungamuyankhe chiyani munthu wofuna ndalama yoyezetsera kobiri lanu?

MASAMU

1. Shilingi imodzi inali mapeni 12. Kodi mashilingi 3 anali mapeni angati?
2. Mu 1971 shilingi imodzi inasanduka 10 tambala. Mayi wina anali ndi mashilingi 25. Kodi anali ndi ndalama zingati za kwacha?
3. Muli ndi mipukutu 7 ya makobiri 20, ndi makobiri 13 apadera. Onse pamodzi alipo angati?
4. Msungichuma wapeza makobiri 64 a K10, makobiri 30 a K5 ndi makobiri 45 a K1. Kodi alembe ndalama zingati m'kope?

Mayankho: 1. Mapeni 36. 2. K2.50. 3. Makobiri 153. 4. K835.

ZOCHITA

Sabata ino funani makobiri akale m'nyumba mwanu, ngakhale atakhala 5 okha. Aŵerengeni, muŵasanje, mupinde timathumba tawo, ndipo mulembe tsamba loyamba la kaundula wanu. Chezani ndi munthu wachikulire mmodzi n'kulemba mizere 5 ya zimene wakuuzani. Tsiku lokumana ndi anzanu oŵerenga mabuku, bwerani ndi kope lanu ndi kobiri limodzi, kuti aliyense adzaŵerenge la mnzake.